Otsatira tsamba akuchuluka, koma ogula sakubweranso: yankho kwa mayi wa zitenje

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amagulitsa zitenje ndi nsapato pa Facebook ndi pa WhatsApp. Funso lawo linali lakuti: "Anthu otsatira tsamba langa akuchuluka mwezi ndi mwezi, koma amene agula kamodzi sabweranso. Kodi ndiwonjezere ndalama zolipira Facebook kuti malonda anga azionekera kwa anthu ambiri?"

Mayi, ndikukupemphani kuti musafulumire kuwonjezera ndalamazo, chifukwa kulipira Facebook kumabweretsa anthu achilendo, pamene vuto lanu ndi lakuti amene anakudziwani kale sakuona chifukwa chobwerera. Mlendo amafunika kumunyengerera ndi kumutsimikizira kuti si inu mbava, pamene amene analandirapo katundu wanu ali bwino safunanso umboni.

Dziwani kaye kuti tsambalo lili ngati nyumba ya lendi. Mu January 2018, Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, analengeza kuti Facebook iyamba kuonetsa anthu kwambiri zolemba za abale ndi anzawo kuposa za makampani, choncho si onse okutsatirani amene amaona chithunzi chimene mwaika. Komanso pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6 padziko lonse, ndipo wamalonda amene analibe nambala za makasitomala ake anangokhala chete nthawi yonseyo. Nchifukwa chake ndimalangiza aliyense kukhala ndi kope lolembamo dzina la wogula, nambala yake, chimene anagula, saizi ya nsapato ndi mitundu imene amakonda, atamupempha kaye chilolezo. Chitenje chobiriwira chikafika, mumadziwa woyamba kumuuza, ndipo munthu amasangalala kwambiri akaona kuti mwamukumbukira.

Pa WhatsApp pali mfundo imene ambiri saidziwa. Zimene mumaika pa status zimakhala maola 24 ndipo zimaonekera kwa okhawo amene munasungirana nambala, pamene uthenga wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi (broadcast) umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ndipo mndandanda umodzi supitirira anthu 256. Choncho pempho lofunika mukamaliza kugulitsa ndi lakuti wogulayo asunge nambala yanu. Koma chonde musamalowetse anthu m'gulu osawafunsa, kapena kuwathira zithunzi 40 m'mawa umodzi. Bandulo imene zikutha ndi yawo, ndipo anaigula ndi ndalama zawo.

Tsopano ndifike pamene ine ndikuona kuti papsa tonola. Nthawi imene kasitomala amasankha ngati adzabwerenso ndi ija ya pakati pa kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndi kulandira katundu. Munthu watumiza ndalama kwa wina amene sanamuonepo, mtima uli m'mwamba, ndiye wogulitsa uja, amene ankayankha msangamsanga asanalandire ndalama, wangoti zii. Ine zinandichitikirapo: ndinadikira masiku 5 popanda uthenga, ndipo ngakhale katunduyo anafika ali bwino, sindinagulenso kumeneko. Mukalandira ndalama muuzeni nthawi yomweyo, mumutumizire chithunzi cha phukusi lake litalembedwa dzina, mumuuze basi kapena kampani imene yanyamula ndi tsiku lofika, ndipo pakakhala kuchedwa muyambe ndinu kulankhula.

Chithunzi nachonso chinene zoona. Mukawalitsa mitundu pa foni mpaka chitenje nkuoneka chosiyana ndi mmene chilili, wogula akatsegula phukusi amakumbukira chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Jambulani masana, pabwalo, ndipo mtengo muulembe poyera. Chizolowezi chouza aliyense wofunsa mtengo kuti abwere ku inbox chimapangitsa anthu kuganiza kuti aliyense amauzidwa mtengo wakewake. Ndikudziwa kuti mitengo ikusinthasintha, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, koma mukafuna kukweza, makasitomala akale muwadziwitse kusanachitike, kuti asamve ngati mwawatchera msampha.

Wina akadandaula poyera pa tsamba lanu, musafufute mawu ake. Muyankheni mwaulemu pomwepo, kenako mukonze cholakwikacho, chifukwa anthu ambiri amene amangowerenga osalemba kanthu amafuna kuona mmene mumachitira zinthu zikalakwika.

Ndalama zimene munafuna kupatsa Facebook mwezi uno, tenganipo theka muzisandutse banyira, monga amachitira amayi a tomato pamsika: kampango kakang'ono kwa wogula kachitatu, kapena kumulipirira mtengo wotumizira katundu. Ikatha miyezi 3, mutsegule kope lija muwerenge amene agula kawiri, kenako mundilemberenso chiwerengerocho kuti tione ngati nthawi yolipira Facebook yakwana.