Pepala ndinalemba ndekha, bwanji akundiletsa kuliika pa intaneti?

Achemwali ena amene angomaliza masters ku Luwinga, pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), afunsa kuti pepala lawo la kafukufuku latuluka mu jenala ya kunja ndiye akufuna kuika PDF pa ResearchGate, webusaiti yomwe ofufuza amagawanirapo mapepala awo, kuti anzawo aziwerenga ulere, koma a supavaiza awakaniza. Akuti, "Data ndinakatolera ndekha ku Nkhata Bay, lero lisakhale langa bwanji?"

Achemwali, a supavaizawo sakukunamizani ayi. Tsiku lomwe munamaliza kulemba pepalalo linali lanu ndithu, Copyright Act ya 2016 imakutetezani ngakhale musanalembetse kulikonse. Koma mukukumbukira fomu ija inabwera pa imelo atangolivomera, inu chimwemwe chitadzadza tsaya nkungodina osawerenga? Nthawi zambiri fomu imene ija ndi yomwe imapereka ufulu wofalitsa kwa kampani ya jenalayo. Dzina lanu palibe angalichotse, koma PDF yokonzedwa bwino ija ya logo ndi manambala a masamba ili m'manja mwawo. Ndipo anthuwa sachita nazo zocheza, mu 2017 Elsevier ndi American Chemical Society, omwe amafalitsa majenala, anasumira ResearchGate ku Germany pa nkhani yomweyi.

Chomwe nthawi zambiri amakulolani kugawa ndi fayilo ya Word yomaliza ija, imene munatumiza mutakonza zonse zomwe ma reviewer, akatswiri ounika pepala lisanatuluke, anadandaula koma kampani isanaikongoletse, amati accepted manuscript. Majenala ambiri amalola kuti imeneyo muiike mu repository (nkhokwe ya pa intaneti yosungira kafukufuku) ya yunivesite kapena pa nkhokwe ina yotchedwa Zenodo, ena pompopompo, ena amati dikirani kaye miyezi 12 kapena 24. Mawu ake ndi pafupifupi omwewo, wowerenga saluza kanthu. Vuto ndi loti ambirife fayiloyi timaisiya pa flash imodzi yokha, laputopu ikafa basi zatha, pomwe ife a ku Mzuzu tinaona laibulale ya Mzuni ikupsa mu December 2015, sitifunika kuuzidwa za kusunga zinthu pawiri.

Ndiye lembani dzina la jenala yanu pa Open Policy Finder, webusaiti yoonetsa malamulo a majenala yomwe kale inkatchedwa Sherpa Romeo, muone zomwe amalola. Mukapeza kuti pepalalo linatuluka ndi layisensi ya CC BY, yomwe imalola aliyense kuligawa bola atchule olemba, nkhawa njee, PDF yeniyeniyo igaweni ngakhale pa gulupu ya WhatsApp. Ngati ayi, pitani ndi fayilo ya Word ija kwa a laibulale akuthandizeni kuiika, koma muyambe mwawauza a supavaiza poti dzina lawo lilinso pamenepo.