Aphunzitsi, chokocho musachitaye msanga

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, tulo n'kundithawa. Mwati mumaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi kusekondale, muli ndi zaka 43, ndakatulo zadzaza makope anayi, mtima ukufunanso kumasulira mabuku. Ndiye mukufunsa ngati simunachedwe, komanso ngati mungasiye ntchito kuti muzilemba momasuka. Aphunzitsi, mwandikanda pachilonda.

Ine ndinasiya. Ndinaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi pasukulu ina ya kumudzi, kalasi imodzi ana oposa 90, ena atakhala pa njerwa. Zimangirizo ndinkachonga usiku ndi tochi ya foni yolumidwa pakamwa, manja onse ali pa makope, ndipo ndikamaliza cholembera chofiira chinkakhala chitandidetsa mpaka pa kolala. Tsiku lina ndinakangana ndi akulu ena pasukulupo pa nkhani ya sikimu, mawa lake ndinapereka kalata. Ndinauza mayi a kunyumba kuti pakutha pa chaka buku likhala litatuluka. Sanayankhe, anangopitiriza kusankha nyemba m'lichero.

Chaka chimenecho ndinalemba ndakatulo ziwiri. Ziwiri basi! Zonse zinali za munthu wokhala pakhonde amene akulephera kulemba. Walira mvula walira matope. Nthawi ndinali nayo yambirimbiri, chosowa chinali mawu. Sindinkadziwa kuti mawu anga onse ankachokera kwa ana aja: mtsikana wa Fomu 2 amene analemba kuti njala ya kwawo inkagona pamphasa imodzi ndi iwo, mnyamata amene ankanditsutsa tsiku lililonse pa tanthauzo la miyambi chifukwa agogo ake ankaimasulira mwina. Mwezi wachisanu ndi chitatu ndinali ndikugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera pa depoti.

Pa nthawi yomweyo ndi pamene mnzanga wina anandibwereka buku lotchedwa Magomero, ndipo m'menemo ndinakumana ndi mlembi wake, Landeg White. Ndikufuna mumudziwe munthu ameneyu, chifukwa funso lanu lonse lili m'moyo wake.

White anabadwira ku Wales mu 1940. Moyo wake wonse anali mphunzitsi. Anayambira ku Trinidad, kenako mu 1969 anabwera ku Chancellor College, koleji ikadali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba. Anali m'gulu la aphunzitsi ndi ophunzira amene anayambitsa Writers Group mu 1970, momwe munalinso Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande. Mu 1972 boma la Kamuzu linamuthamangitsa m'dziko muno. Wina akanapachika choko pomwepo. Iye anakaphunzitsa ku Fourah Bay College ku Sierra Leone, kenako ku University of Zambia, kenako ku York ku England. Ndakatulo ankalemba m'mipata ya ntchito, ndipo buku lake loyamba la ndakatulo linatuluka mu 1983, ali ndi zaka 43. Zaka zanu zomwezo, aphunzitsi. Nditawerengera ndinaseka ndekha.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si zakazo ayi, ndi khutu lake. Munthuyu ankamvetsera. Iye ndi mnzake Leroy Vail anafufuza mbiri ya minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates kumunsi kwa Zambezi, n'kupeza kuti zimene mapepala a kampani sananene zinasungidwa m'nyimbo za anthu ogwira ntchito. Panali nyimbo yotchula dzina la Paiva, dzina limene linasanduka la kampani yonse ndi nkhanza zake, ndipo anthu anaiimba kwa zaka zambirimbiri. Buku la Magomero, la mu 1987, ndi mbiri ya dera limodzi lokha: Bishopu Mackenzie ndi amishoni ake mu 1861, thangata wa pa esiteti ya A. L. Bruce, kuphedwa kwa manijala wa esitetiyo, William Jervis Livingstone, pa kuukira kwa Chilembwe mu 1915. Zambiri anazitola pakamwa pa anthu a m'midzi. Mu 1983 iye ndi Mapanje anasonkhanitsanso ndakatulo zapakamwa za mu Africa m'buku limodzi.

Apa ndipatukeko pang'ono, mundikhululukire. Ndimatopa nawo achinyamata amene amanditumizira ndakatulo zodzaza ndi chipale chofewa ndi maluwa amene sanawaonepo, pamene kuseri kwa nyumba yawo amayi akusinja n'kumaimba nyimbo yolasa apongozi mochenjera kuposa chilichonse chimene iwo alemba. Ndinayesapo kumasulira m'Chingerezi nyimbo ya pamtondo ya agogo anga. Mawu onse ndinawapeza mu dikishonale. Chimene chinatsalira ndi kugunda kwa musi, ndi kaphumidwe kaja pakati pa mzere pamene mayi wakweza manja, ndi kuseka kwa mnzake wosinja naye amene akudziwa yemwe akunenedwa. Papepala panangotsala madeya. Ndiye ndikunena mosapsatira: amene sanaphunzire kumvetsera asayandikire ntchito yomasulira. Digiri sithandiza pamenepa. Ndipo amene amati kuphunzitsa kumapha luso, ambiri mwa iwo ndi aulesi ofuna pobisala. Ine ndinali mmodzi wa iwo.

Nanga za kuchedwa?

White anasamukira ku Portugal mu 1994, ali ndi zaka 54, n'kukaphunzitsanso ku Universidade Aberta. Mu 1997 anatulutsa m'Chingerezi Os Lusíadas, ndakatulo yaitali ya mlakatuli wachipwitikizi Luís de Camões ya mu 1572, magawo khumi, ndime zoposa 1,000 za mizere isanu ndi itatu iliyonse. Imasimba ulendo wa Vasco da Gama wozungulira Africa kupita ku India. Azungu ambiri anaimasulirapo kale, koma White anali ndi chimene enawo analibe: gombe limene zombozo zinadutsa ankalidziwa ali kumtunda, kumbali ya anthu amene ankaziona zikubwera. Camões mwiniwake anakhalapo pa chilumba cha Mozambique pafupifupi zaka ziwiri, umphawi utamufinya, akudikira njira yobwerera kwawo. Zaka zonse zija za choko ku Blantyre ndi ku Lusaka, maulendo aja a ku Zambezi, ndizo zinamukonzera ntchitoyi iye osadziwa. Anadziwanso pogonjera. M'Chipwitikizi mizere ya ndime iliyonse imathera ndi mawu omveka mofanana motsatira dongosolo lokhwima; iye anasunga kufananako pa mizere iwiri yomaliza yokha, kuti Chingerezi chisapotoke khosi. Mu 2008 anatulutsanso ndakatulo zifupizifupi za Camões yemweyo. Anamwalira mu 2017.

Musaiwalenso kuti Mapanje atatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987, White anali mmodzi wa amene sanatseke pakamwa kunjako, ndipo atatulutsidwa mu 1991 Mapanje anakakhala ku York komweko. Ubale umenewo unayambira m'kalasi. Ine ana anga a Fomu 2 aja ena ndi anamwino tsopano, wina amayendetsa minibasi ya ku Limbe ndipo amakana ndalama yanga, koma palibe amene ndinamuwerengerapo ndakatulo yanga ngakhale imodzi. Ndinkachita manyazi. Chimenecho chimandiwawa kuposa chaka cha ambulera chija.

Tsono yankho lanu. Ntchito musasiye, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Simunachedwe. Pa makope anayiwo sankhani ndakatulo khumi, mukawerengere ana anu Lachisanu masana, muone pamene akuyasamula. Zomasulira yambani ndi kanthu kakang'ono, nyimbo imodzi kapena ndakatulo ya mizere khumi, mubwere nayo ku Chichewa osati kupita nayo ku Chingerezi, chifukwa khutu lanu lili kuno. Ngati mwini wake ali moyo kapena anamwalira posachedwa, pemphani chilolezo musanasindikize.

Ine ndinabwerera m'kalasi patatha zaka ziwiri, pasukulu ina yapulaiveti, malipiro ochepa kuposa akale. Nyimbo ya agogo ija ndikulimbana nayobe. Mzere wachitatu ndausintha kasanu ndi kawiri, ndipo mayi a kunyumba akuti sunafike.