Bwanji sanaiyimbe ngati ya pa kaseti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kamuzu Road. Akuti anapita ku Senga Bay kukaonera woyimba amene akhala akumukonda kuyambira ali ku sekondale, ndipo anapirira mphepo usiku wonse kudikirira nyimbo imodzi, imene anavinira pa ukwati wawo. Itayamba, sanaizindikire msanga. Inali yodekha, gitala yekha, ndipo mawu a ndime yachiwiri anali ena. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi waiwala nyimbo yake, kapena watopa nafe amene tinagula kaseti?"

Mayi, pepani kuti munabwerako mtima uli wosweka. Ndikumvetsa, chifukwa nyimbo ya pa ukwati imasanduka katundu wa banja. Koma sindikukhulupirira kuti anaiwala. Ndayimbapo besi m'mabandi ang'onoang'ono kuno kunyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, ndipo ndaona mmene nyimbo imakulira m'manja mwa mwini wake.

Choyamba ndi thupi. Mawu a munthu amatsika akamakula. Pamene ankafika mosavuta ali mnyamata, lero pakhosi pamakana, ndiye amatsitsa kiyi. Mukatsitsa kiyi, nyimbo imalemera, ndipo liwiro lakale silimayeneranso. Komanso nyimbo zambiri za nthawi ya makaseti zinkajambulidwa ndi kiyibodi, ng'oma zake zili za makina zosasuntha. Pa siteji pamakhala woyimba ng'oma wamoyo, amene amamva anthu akamavomera, n'kukankha kapena kubweza.

Koma chachikulu ndi ichi. Kaseti imene muli nayo inagwira tsiku limodzi lokha. Woyimbayo anapitiriza kukhala ndi moyo, ndipo nyimboyo wakhala akuinyamula sabata ndi sabata, pa maukwati, m'mabala, pa mchenga. Mwina mkazi amene anamulembera alipobe ndipo akalamba limodzi. Mwina anamuika m'manda. Munthu wotere akafika pa mawu akuti sadzasiyana, angawatchule bwanji modumphadumpha ngati kale? Ndinayimbapo ndi mkulu wina amene atataya mwana, nyimbo yake yovinitsa anthu anayamba kuiyamba yekha, ife titangoima, n'kutilola kulowa pa kolasi pokha. Sanatifotokozere kanthu. Tinangomva, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaopa kugunda chingwe mwamphamvu pamalo amenewo.

Izitu si zachilendo kwathu kuno. Amayi a pamtondo sankayimba mawu amodzimodzi chaka ndi chaka. Nyimbo imakhala yomweyo, koma wotsogolera amalowetsamo nkhani ya dzulo, enawo n'kuvomera. Pa chimtali n'chimodzimodzi, asodzi pokoka khoka n'chimodzimodzi. Kaseti ndi wailesi ndizo zinatizoloweza kuti nyimbo ili ndi nkhope imodzi.

Taganizirani za agogo Giddes Chalamanda. "Linny Hoo" anakhala akuiyimba zaka zambiri, koma mu 2020 ataiyimbanso ndi Patience Namadingo mu kamvekedwe ka rege, inadzafalikira pa TikTok mpaka kumayiko akutali. Achinyamata ambiri anaidziwira pamenepo. Akanaumirira kuti ikhale mmene inalili poyamba, ambiri a iwo sakanaimva n'komwe.

Sindikunena kuti kusintha kulikonse n'kwabwino. Pali oyimba amene amangoloza maikolofoni kwa anthu nyimbo yonse, iwo akupuma, kapena kudula ndime kuti athamangire ina. Umenewo ndi ulesi, ndipo munthu amene walipira pakhomo ali ndi ufulu wodandaula. Kusiyana kwake kumamveka. Waulesi amachotsa osaikapo kanthu. Koma amene mwamufotokozayu anaimitsa bandi yonse n'kutsala yekha ndi gitala pamaso pa khamu, pamphepo ya kunyanja imene imabalalitsa mawu. Pamenepo palibe pobisala. Munthu sachita zimenezo ndi nyimbo imene yamutopetsa.

Mwanena kuti mwana wanu anajambula pa foni. Ndikupempheni, madzulo ano muike kaseti ija, kapena paliponse pamene munaisunga, muimve yonse ndi bambo a kunyumba. Kenaka muike ya pa foniyo, mumvetsere ndime yachiwiri ija mawu ndi mawu. Mundilembere zimene anasinthamo, chifukwa inenso ndikufunitsitsa kudziwa chimene chinamuchitikira munthu ameneyu.