Funsani Tikuyankheni: Kukongoletsa chipinda chogonamo ophunzira popanda kuitana moto

Zikomo akonzi. Ndife anyamata anayi ochokera kumudzi, timakhala m'fulati imodzi ya ophunzira ku Braamfontein. Pa 6 Julaye tikufuna tipachike mbendera ndi zitenje m'makoma, tiyikenso tinyale tophethira. Oyang'anira nyumba akukana, akuti tiotcha nyumba. Chitenje chingayambitse moto zoona?

Achimwene, chitenje sichidziyatsa chokha. Chimene akuopa oyang'anirawo ndi mwezi umene chikondwererocho chimagwera. Julaye kuno ku Johannesburg ndi pachimake pa chisanu, ndipo pafupifupi chipinda chilichonse chimakhala ndi hita yoyaka. Nsalu yoyala pansi imanyeka pang'onopang'ono, koma yolendewera pakhoma imakoka mpweya mbali zonse ziwiri ndipo lawi limakwera nayo mpaka kudenga musanatembenuke. Mbendera zambiri zogula ndi za poliyesitala: zikagwira moto zimasungunuka n'kumadontha, madonthowo n'kuyatsa matiresi kapena kapeti.

Choncho pachikani, koma siyani mpata wa mita imodzi pakati pa hita ndi nsalu iliyonse, kuphatikizapo makatani ndi zofunda. Nsaluyo igwire khoma ngodya zonse zinayi, isamauluzike. Musaikute soketi, switchi kapena babu. Kudenga musakhomeko kalikonse. Ngati kudengako kuli timitu tachitsulo topopera madzi, musamangirireko ngakhale ulusi wa baluni: mkati mwake muli kagalasi kofiira kamene kamaphulika kutentha kukafika madigiri 68, ndipo mukakagogoda mwangozi madzi amasefukira mpaka kwa anzanu a pansi. Mukakaphimba ndi nsalu, tsiku la moto madziwo safika pomwe akufunika. Pitani kwa oyang'anirawo mukawasonyeze khoma lomwe mwasankha; nthawi zambiri amakana chifukwa sanauzidwe kuti zinthuzo zikakhala pati.

M'chipinda mwathu muli soketi imodzi yokha. Tinalumikiza ekisitenshoni, pa iyo n'kuikaponso adaputa. Pali ketulo, hita, mafoni ndi laputopu. Kodi tinyale ta Khrisimasi tingakwanirenso pomwepo?

Tinyaleto si vuto. Chingwe cha tinyale ta LED chimangodya mawati ochepa, nthawi zambiri osafika 10. Vuto lili kale pa ketulo ndi hitayo, ndipo apa tichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri amapusitsika.

Magetsi a m'nyumba ku South Africa ndi mavolti 230, ndipo soketi ya pakhoma ya mabowo atatu inapangidwa kuti inyamule maampu 16. Mukachulukitsa mupeza mawati 3,680. Ketulo imadya pafupifupi 2,000, hita yoyatsa mbali zonse imafikanso 2,000. Ziwirizo pamodzi ndi 4,000, kapena kuti maampu 17 ndi kanthu. Mwadutsa kale malire. Mwina mukuti, zikachuluka buleka, switchi ija ya pabolodi yodula magetsi, igwa yokha. Ayi ndithu. Buleka ya masoketi kawirikawiri imakhala ya maampu 20, ndiye pa 17 imangokhala phee. Ntchito yake ndi kuteteza waya wa mkati mwa khoma, osati ekisitenshoni yanu. Tsono ma ekisitenshoni otchipa ambiri ali ndi waya wowonda wa maampu 10 okha. Wayayo amatentha, pulasitiki imafewa, mano a pulagi amayamba kugwedera n'kumathetheka, ndipo zonsezi zimachitikira kuseri kwa bedi komwe simuona.

Ketulo, hita, simbi ndi hotipuleti zizilowa pakhoma penipeni, chimodzi pa nthawi imodzi. Ekisitenshoni muisiyire mafoni, laputopu ndi tinyale. Musalumikize ekisitenshoni pa inzake, musaidutsitse pansi pa kapeti kapena pachitseko pomwe ingapanike, ndipo ngati ili yokulunga itambasuleni yonse, pakuti yokulungika imasunga kutentha. Gwirani pulagi ikagwira ntchito kwa theka la ola. Ikatentha moti simungaigwire bwino, kapena mukaona pakuda kapena kumva fungo la pulasitiki, zimitsani, mukauze oyang'anira nyumba atumize amagetsi.

Tinyale tomwe tinasungidwa chaka chatha tiyang'aneni chingwe chonse ndi zala. Pomwe pasupuka musamate ndi selotepi, tayani. Pomangirira gwiritsani ntchito tizokowera ta pulasitiki, osati misomali kapena mapini. Pogona kapena potuluka, zulani pulagi.

Ndine mtsikana wophunzira ku Auckland Park. Disembala uno sindipita kumudzi. Ine ndi anzanga awiri tikufuna kuyatsa makandulo pa chakudya cha Khrisimasi, komanso amatithandiza magetsi akazima. Pali njira yabwino?

Achemwali, yambani mwawerenga malamulo a nyumba yanu, chifukwa malo ambiri ogona ophunzira amaletseratu makandulo. Ngati ndi choncho, gulani makandulo a mabatire ndi nyale yotchaja. Komwe amaloledwa, tengani botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, thiranimo mchenga wouma kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, dulani kandulo pakati kuti lawi likhale mkati mwa botolo, muizike mumchengamo. Botolo likagwa, mchenga umathandiza kuzimitsa lawi. Kandulo yomata pa sosala kapena pakamwa pa botolo la chakumwa ndi imene imagwera pa nsalu ya patebulo. Isayandikire makatani, mapepala okongoletsera ndi mtengo wa Khrisimasi, ndipo womaliza kutuluka m'chipinda aizimitse.

Kumbukiraninso kuti mu Disembala nyumba zimakhala zopanda anthu, wokununkhizirani utsi palibe. Magetsi akazima muli pakati pophika, zimitsani chitofu nthawi yomweyo. Akabwera inu mutagona, mphika umapitiriza wokha. Mbaula ya makala, kaya yootcha nyama kaya yowotha, isalowe m'nyumba: mpweya wake sununkha koma umapha munthu ali m'tulo.

Mnzathu anavundikira kachipangizo kolira kakamva utsi ndi sokosi, akuti kamasokosa tikamakazinga. Taikanso mtengo wa Khrisimasi pakolido pafupi ndi masitepe. Ndi zolakwika kwambiri?

Sokosiyo ichoke lero. Moto wausiku umagonjetsa anthu ndi utsi lawi lisanawafike, ndipo kachipangizoko ndi kokhako kamene kangakudzutseni. Ngati kamalira pophika, tsegulani zenera la kukhitchini, ndipo pemphani oyang'anira nyumba aone ngati kali pamalo oyenera.

Mtengowo ulowe m'chipinda chochezera, pakona yakutali ndi chitseko. Kolido ikadzaza utsi anthu amayenda chopapasa, ndipo chilichonse chili panjira chimagwetsa woyamba, ena n'kumuunjikira. Amalawi a kuno sitingaiwale za pa 31 Ogasiti 2023, pamene moto wa m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown unapha anthu 76, ena mwa iwo abale athu. Zipinda zogawa ndi matabwa zinafulumizitsa moto, ndipo njira zotulukira zinali zotsekeka. Zitseko zolemera za kumasitepe zomwe zimadzitseka zokha musazipinge ndi njerwa kapena mpando: zilipo kuti utsi usalowe m'masitepemo.

Mafuta akayaka mupoto musathire madzi. Zimitsani chitofu, vundikirani ndi chivundikiro. Chozimitsira moto chofiira cha ufa chimagwira pa nsalu, mapepala ndi zamagetsi: zulani pini, lozani patsinde pa moto, finyani chogwirira, yendetsani uku ndi uku, msana wanu uli kuchitseko. Chimatha m'masekondi ochepa, choncho lawi likafika kudenga tulukani, tsekani chitseko, menyani belu la moto, tsikani pa masitepe osati pa chikepe. Mukafika panja imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, mutchule dzina la msewu, la nyumba ndi nsanjika yomwe moto uli.