Mdzukulu wanga akumutcha wasayansi wamisala

FUNSO: Zikomo a Malume. Ine ndimakhala ku Rugare kuno ku Harare. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji. Ndikulera mdzukulu wamwamuna wa zaka 16. Akaweruka kusukulu amathamangira ku msika wa Siyaso kukatola mawaya, mabatire akutha ndi mawailesi oonongeka, n'kukadzitsekera m'kachipinda kakuseri. Mwezi watha china chake chinaphulika mmenemo, nsidze zonse kupserera. Anzake akumutcha wasayansi wamisala wa m'mafilimu, anansi akuti "anopenga" (m'Chishona, kutanthauza kuti ndi wamisala), ndipo mayi wina wakumpingo akuti ndipite naye kwa aneneri. Kodi nzeru zikachuluka zimazunguzadi mutu? Nanga amafilimuwo anazitenga kuti?
Agogo odandaula, Rugare

YANKHO: Mayi, nsidzezo zimera, musadandaule nazo.

Munthu amene anawo akumutchulayo ndimamudziwa. Amavala jasi loyera, tsitsi lili nyankhalala, mabotolo akuwira patebulo, kunja ziphaliwali, iye n'kumaseka yekha pakati pa usiku. Koma mwina simudziwa kuti amene anamubereka ndi mtsikana wa zaka 18, wongoposa mdzukulu wanuyo ndi zaka ziwiri. Dzina lake Mary Shelley, wa ku England. M'chaka cha 1816 anali ndi anzake m'mbali mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland, mvula inawatsekereza m'nyumba masiku angapo, ndiye anapangana kuti aliyense apeke nthano yoopsa. Yakeyo inatuluka ngati buku mu 1818, mutu wake Frankenstein, nkhani ya munthu amene anapanga chilombo n'kuchipatsa moyo.

Sanangozilota ayi. Ku Bologna, dziko la Italy, kunali dokotala wina, Luigi Galvani, amene anaona kuti mwendo wa chule wakufa umaphiriphitha ukaugunditsa magetsi. Mphwake, Giovanni Aldini, anapitirira pamenepo. Mu 1803 ku London anagunditsa magetsi mtembo wa munthu amene anali atangonyongedwa kumene. Nsagwada zinanjenjemera, diso limodzi n'kutseguka. Taganizani inu mukanakhalapo. Anthu a nthawi imeneyo ankafunsana ndithu ngati magetsi sangadzutse wakufa.

Ambiri amasokoneza, amayesa Frankenstein ndi chilombo chija. Ayi, limeneli ndi dzina la wochipangayo, Victor Frankenstein, ndipo m'bukumo si nkhalamba ya imvi. Ndi mnyamata wapasukulu ya ukachenjede. Makina othetheka moto aja anabwera ndi amafilimu, makamaka Metropolis ya ku Germany mu 1927 ndi filimu ya ku America ya nkhani ya Frankenstein mu 1931. Tsitsi losapesalo ambiri timaliona n'kukumbuka wasayansi wotchuka Albert Einstein, bambo amene sanadzutsepo mtembo wa munthu aliyense. Kenaka mu 1945 mabomba a atomiki atapsereza mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan, anthu anaona ndi maso kuti zopangidwa ndi anthu ophunzira zitha kufafaniza mzinda wathunthu, ndipo opanga mafilimu anapezerapo msika.

Bukuli ndinaliwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndi pamene ndinaona pamene Victor analakwira. Anagwira ntchito yake mobisa pafupifupi zaka ziwiri, osalembera ngakhale kalata abale ake. Tsiku limene cholengedwa chake chinatsegula maso, iye anachiona kunyansa n'kuthawa m'chipindamo, kuchisiya chopanda dzina, chopanda wochilangiza. Chitapha mng'ono wake, mlandu unagwera mtsikana wantchito wosalakwa. Victor ankadziwa chilungamo chake koma anangoti chete mpaka mtsikanayo anaphedwa. Kwathu munthu wotere sitimutcha wamisala. Timati wabereka mwana n'kumuthawa.

Ndipo Mayi, nthano imeneyi ife tili nayo kale. Bambo anu ayenera kuti anakusimbiranipo za munthu wokhwima amene m'nyumba mwake muli chipinda chosalowa wina aliyense, anthu n'kumanong'onezana kuti akusungamo ndondocha. Azungu anangomuveka jasi loyera. Chimene chikuopsa anansi anuwo ndi chitseko chotsekacho, pakuti mawaya okha amawaona tsiku ndi tsiku kwa okonza mawailesi ndipo sathawa.

Muwauze za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Anayamba kutoleza zitsulo kudzala, mapaipi apulasitiki ndi njinga yakutha ya bambo ake, anthu a m'mudzi n'kumamunena kuti wapenga, ena amvekere akusuta chamba. Ali ndi zaka 14 anaimika makina oyendera mphepo amene anayatsa babu pakhomo pawo. Omwe ankamusekawo anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Pambuyo pake anakaphunzira ku Dartmouth College ku America.

Sindikuti mwana aliyense wotola mawaya ndi Kamkwamba. Ine ndemwe ndili wamng'ono ndinamasula wailesi ya bambo anga ya Supersonic kuti ndione anthu oyankhulamo, ndipo chimene ndinatulukira ndi mkwapulo basi.

Za matenda a maganizo, amenewo ndi matenda ngati ena onse, sabwera chifukwa chowerenga kwambiri kapena kukonda sayansi. Mukaona mwana sakugona masiku angapo, wasiya kudya ndi kusamba, akumva mawu amene inu simukuwamva, kapena zokamba zake sizikulumikizana, pitani naye kuchipatala msanga. M'kalata mwanu simunatchule chilichonse mwa zimenezi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kuphulikako. Batire ya galimoto ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa haidrojeni, ndipo m'kachipinda kotseka kamoto kakang'ono kokha n'kokwanira kuphulitsa. Madzi ake ndi asidi, akalowa m'maso munthu atha kuchita khungu. Batire ya foni ikabooledwa kapena ikatupa imayaka. Magetsi a m'nyumba, oposa mavoti 200 aja, asawayandikire n'komwe.

Ndiye Loweruka likubwerali mugogode pachitsekopo, mulowe ndi mpando wanu, mukhale pansi, mumuuze akufotokozereni chimene akupanga mpaka inu mumve. Loko achotse, windo likhale lotsegula. Mukaonane ndi aphunzitsi ake a sayansi, mumupezerenso mmisiri wa zamagetsi wodalirika woti azimuyang'anira pa holide. Akakhoza bwino masamu ndi sayansi, ku Harare Polytechnic ndi ku Harare Institute of Technology ku Belvedere amaphunzitsa zomwezi.

Ndalama imene mukanakwerera kombi kupita kwa aneneri mumugulire magalasi otchinga maso. Mayi akumpingowo muwaitane tsiku limene babu lake lidzayake magetsi atathima.