Amene anapanga Prozac si munthu mmodzi

Achemwali, mwafunsa kuti ndani anapanga fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo aja amadziwika kuti Prozac. Linali gulu la akatswiri a kampani ya Eli Lilly ku Indianapolis, m'dziko la America.

Amene anawapanga mu labotale ndi Bryan Molloy, mbadwa ya ku Scotland, pamodzi ndi Klaus Schmiegel. Chomwe chimandisangalatsa ine n'choti Molloy sanayambire patali. Anatenga diphenhydramine, mankhwala a ziwengo ogonetsa tulo aja, n'kumasintha kapangidwe kake pang'onopang'ono mpaka kutulutsa mitundu yambirimbiri. David Wong, wobadwira ku Hong Kong, ndiye ankayesa mitunduyi pa timinyewa ta mu ubongo wa makoswe. Mu 1972 anaona kuti umodzi, womwe ndi fluoxetine, ukuletsa serotonin (kemiko yomwe minyewa ya mu ubongo imatumizirana nayo mauthenga) kubwerera msanga mu mnyewa womwe wamutulutsa, koma osasokoneza kwenikweni makemiko ena a mu ubongo. Phindu lake linagona pamenepo, chifukwa mankhwala akale ngati amitriptyline amaumitsa kukamwa, ndipo munthu akamwa ochuluka amatha kusokoneza mtima. Ray Fuller nayenso anali m'gululi.

Zotsatira zinasindikizidwa mu 1974, koma bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa mu December 1987. Zaka 15 zonse kuchokera mu 1972!

Anthu ambiri amati Prozac ndiye anali woyamba pa mankhwala a mtunduwu, oletsa serotonin kubwerera mu mnyewa. Ayi. Zimelidine wa kampani ya Astra ya ku Sweden anayamba kugulitsidwa mu 1982, koma anachotsedwa pamsika chaka chotsatira atadwalitsa anthu ena matenda a minyewa otchedwa Guillain-Barré.