Chipsera chimene ndinafufuta pa dzanja la bambo anga

Imelo imene yandikhalitsa pansi lero ndi yaifupi. Mwalemba kuti kamera yatha miyezi inayi ili m'chikwama osaigwira, kuti usiku mumangotsegula zithunzi zakale n'kumazisintha mitundu mpaka maso kuwawa, ndipo mnzanu wina anakuuzani kuti chithunzi chokonzedwa pa kompyuta ndi bodza. Mukufunsa ngati chidwi chojambula chingabwererenso, komanso ngati mnzanuyo akunena zoona. Achemwali, ndaiwerenga katatu, chifukwa mwandigunda pabala.

Bambo anga anali ndi chipsera pa dzanja lamanja, choyambira pa chala chachikulu mpaka pamkono, cha mpeni umene unawacheka ali mnyamata. Tsiku lina madzulo ndinawapeza atakhala pafupi ndi zenera, dzanjalo atalisanjika pabondo, kuwala kukulowa cham'mbali moti khwinya lililonse linali ndi kamthunzi kake. Ndinajambula kamodzi kokha, iwo osadziwa. Apa n'kuti nditangophunzira kumene Photoshop, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, manja akuyabwa, chilichonse ndikufuna kuchikonza. Ndinawasalaza nkhope, ndinawawalitsa maso, ndipo chipsera chija ndinachifufuta chonse ndi kachida kaja kotapa khungu pamalo ena n'kumata pamene sukupafuna. Chokonzedwacho ndinachisunga pamwamba pa choyambirira, khadi la m'kamera n'kulipukuta kuti ndipeze malo a ntchito ina.

Patatha zaka zitatu anatisiya. Mlongo wanga anapempha chithunzicho kuti akachitsukitse achipachike kunyumba kwake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, nanga dzanja ili ndi la ndani?" Pakamwa panauma. Dzanja limene linkatigwira powoloka msewu, limene tinkalisisita tili ana n'kumafunsa ngati likupwetekabe, ndinalichotsa ndekha, ndipo panalibenso pokalitenga.

Ndinatha pafupifupi chaka osajambula. Nditabwerera ndinabwera ndi mkwiyo, ndikulankhula ndendende ngati mnzanuyo: kompyuta ndi wabodza, chithunzi chenicheni ndi chotuluka m'kamera osachikhudza. Ndinalumbira ndithu. Koma nditayamba kuwerenga mbiri ya ntchito yathuyi, lumbiro lija linayamba kusweka.

Photoshop inatuluka mu 1990, koma kukonza zithunzi n'kwakale kwambiri. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja payokha, mitambo payokha, n'kuzilumikiza potsuka, chifukwa mankhwala a nthawi imeneyo sankatha kugwira kuwala kwa kumwamba ndi mdima wa madzi nthawi imodzi. Ansel Adams, katswiri wojambula zithunzi wa ku America, anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa kamudzi ka Hernandez ku New Mexico mu 1941, ndipo pa zaka zambiri zimene anakhala akuchitsuka mobwerezabwereza, thambo linkanka lida, mitanda ya kumanda ikunka iwala. Ankachita zimenezi m'chipinda cha mdima, kutchinga kuwala ndi dzanja apa, kukulola kupsereza pepala apo. Palibe amene amati munthu uja anali wonama.

Ndipo kamera imene mnzanuyo akuikhulupirira nayonso imakonza. Chithunzi cha JPEG, fayilo wamba imene makamera amatulutsa, chikamatuluka, kamera imakhala itasankha kale kuti zoyera ziyere bwanji, mitundu ilimbe bwanji, n'kutaya zotsalazo. Pa mtundu uliwonse imasunga masitepe 256 okha kuchoka kumdima kufika kowala. Fayilo ya RAW, imene imasunga zimene kamera yaona isanazikonze, imatha kusunga masitepe 16,384. Foni ndiye imapitirira apo, mukadina kamodzi imajambula zingapo n'kuzisakaniza musanaone n'komwe. Choncho mukakana kukonza, mwangosiyira ntchitoyo akatswiri amene anapanga makinawo, anthu amene sanaime pamene munaima inu.

Pali chinanso chimene chimandiwawa. Kwa zaka zambiri, otsuka zithunzi za mitundu ankayezera makina awo pa khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi mayi wa khungu loyera, lotchedwa Shirley. Anthu akuda ankatuluka ngati mthunzi wokhala ndi mano ndi maso basi. Munthu akakhala pansi lero n'kukweza kuwala pa nkhope ya agogo ake kuti khungu lioneke mmene Mulungu analipangira, ameneyo akubweza choonadi chimene makina anaba. Koma mafyuluta a m'mafoni oyeretsa khungu ndi kuchepetsa mphuno aja, ine ndimadana nawo ndi mtima wanga wonse, ndipo pamenepa sindigonja. Amachita kwa anthu amoyo zimene ine ndinachita kwa bambo anga.

Mnzanuyo tisamutaye, ali ndi mfundo yake. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Giza kuti ayandikane n'kukwana pachikuto, ndipo anthu sanaiwale mpaka lero. Pa mpikisano wa zithunzi za atolankhani wa World Press Photo mu 2015, pafupifupi chimodzi mwa zithunzi zisanu zilizonse zimene zinafika kumapeto chinachotsedwa chifukwa chosinthidwa mopyola malire. Mtolankhani akachotsa kapena kuwonjezera kanthu, waphwanya pangano ndi woonera. Wojambula zaluso ali ndi ufulu waukulu kuposa pamenepo, akhoza kumata mitambo ya dzulo pa phiri la lero, bola asanamize munthu kuti ndi mmene zinalili. Ine malire anga ndinawapeza mowawa: ndimakonza kuti chioneke chimene ndinaona, ndipo chimene chinalipo sindichichotsa chifukwa chongoti sichikongola.

Koma ndikuona kuti vuto lanu lenileni si limeneli. Mwati usiku mumasintha mitundu ya zithunzi zakale. Ndikukudziwani, chifukwa nanenso ndinakhalapo pampando umenewo. Umakoka kamzere kumanja, chithunzi chimafiira, umakokera kumanzere, chimazizira, ndipo mtima umamva ngati ukugwira ntchito. Umatenga ma preset a anthu ena, makonzedwe a mitundu opangiratu ongodina kamodzi, zithunzi zako zonse n'kufanana ndi za aliyense pa Instagram. Kompyuta imamaliza ganizo limene unali nalo podina batani. Ngati panalibe chimene chinakuimitsa panjira, pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Lightroom siingakupangire chifukwacho ngakhale utachezera nayo.

Mmene chidwi chinabwerera

Sichinabwere ndi kamera yatsopano kapena ulendo wakutali. Ndinabwerera pa zenera lomwe lija. Tsiku lililonse nthawi imodzimodzi, kwa mwezi wathunthu, ndinkajambula chilichonse chimene kuwala kwagwerapo: mpando wopanda munthu, fumbi likuyandama, nsalu yotchinga itapindika. Sabata yoyamba zinali zotopetsa. Yachitatu ndinazindikira kuti kachigawo kowala pansi kasuntha ndi kutalika kwa chikhatho, kuti tsiku la mitambo mithunzi imafewa m'mbali, kuti pali mphindi khumi zokha pamene khoma limasanduka lagolide. Maso anga anali atadzuka. Henri Cartier-Bresson, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anagwira ntchito pafupifupi moyo wake wonse ndi lenzi ya mtundu umodzi, ya 50mm, ndipo sankafuna kuti zithunzi zake zidulidwe m'mbali. Kale ndinkati ndi kuuma mutu. Pa zenera paja ndinamvetsa kuti ukadzimana zosankha zambiri, umayamba kuyenda ndi mapazi, kudikira, kuyang'anitsitsa.

Tsono inu chitani chonchi. Tsekani zithunzi zakalezo kwa masiku 30. Sankhani malo amodzi, lenzi imodzi, ola limodzi. Musanadine, nenani chamumtima chimene chakuimitsani, ndipo pokonza mungokhudza zothandiza chimenecho kuoneka, mphindi zisanu zakwana. Jambulani mu RAW ngati kamera ikulola. Choyambirira musachifufute, sungani malo awiri osiyana.

Mlongo wanga uja ali ndi kachipsera pachibwano, ka pamene anagwa tikuthamangitsana tili ana. Mwezi watha ndinamukhazika pa zenera lija. Ndinakweza kuwala pang'ono kumbali yamdima ya nkhope, ndinachepetsa kufiira kwa khoma, kachipserako ndinakasiya. Atachiona anakagwira ndi chala pagalasi la kompyuta, n'kunena kuti ndimutsukire ziwiri.